Miyala ya Chikumbutso ya ku Zanzibar

Phunziro la mwezi uno. Muyambe mwawerenga Yoswa 4 ndi Genesis 37.

Pamene ana a Israyeli anaoloka Yordano pouma, Yoswa anasankha amuna khumi ndi awiri, mmodzi pa fuko lililonse, kuti asenze miyala ya pakati pa mtsinje. Ndipo anaiimika ku Giligala. Miyalayo sinali yomangira nyumba kapena yoperera mawere. Ntchito yake inali imodzi, ndiyo yakuti mwana aione, nazizwe, nafunse atate wake, ndipo atate asimbe zimene Mulungu anachita. Pakuti mtima wa munthu uiwala msanga, koma mwala ukhala pomwe anauika.

Mwezi uno tifuna kukusimbirani za chikumbutso china chotere. Chili kutali ndi kwathu, m'mzinda wa Zanzibar, m'mbali mwa nyanja yaikulu ya mchere ya kum'mawa, ndipo ambiri a ife sitidzachiona ndi maso. Koma chinena za anthu a mtundu wathu, Achewa ndi Amang'anja, Ayao ndi Atonga ndi ena, amene anawachotsa m'midzi yawo ndi goli m'khosi, osabwereranso. Alibe manda kuno akuti tikalambule. Chifukwa chake kutiyenera ife kudziwa malo amene anawatengera, ndi chimene chaimikidwa pamenepo, kuti mwana akatifunsa tisasowe choyankha.

1. Za mzindawo

Zanzibar ndilo dzina la mzinda ndiponso la chisumbu chimene mzindawo ukhalapo; eni dziko achitcha Unguja. Chitalikirana ndi mtunda wa Tanzania mamailosi oposa 20, ndipo munthu wochokera ku Dar es Salaam pa sitima yaliwiro afika atayenda ngati maora awiri. Mbali yakale ya mzinda Azungu aitcha Stone Town, ndiko kunena mudzi wa miyala, pakuti nyumba zake anazimanga ndi miyala ya m'nyanja ndi njereza. Nyumbazo ndi zosanja, ndipo zaundana kotero kuti m'njira zambiri za pakati pake galimoto silowamo. Zitseko zake ndi za matabwa olemera, osemedwa maluwa, ndi zina zokhomedwa misomali yaikulu ya mkuwa.

Chimene chinakuza mzindawu ndi mphepo. Monga pa nyanja yathu pali mwera ndi mpoto, momwemonso pa nyanja ya mchere mphepo iomba miyezi ina kuchokera kumpoto, nidza nazo zombo za matanga za ku Arabia ndi India. Ndipo miyezi ina itembenuka, nizibweza kwawo. Chotero amalonda anazolowera dooko la Zanzibar kuyambira kalekale. Cha m'ma 1840 mfumu ya Aluya a ku Oman, dzina lake Seyyid Said, inasamutsira likulu lake kumeneko kuchokera ku Muscat. Iyo inalimbikitsa anthu ake kubzala mitengo ya zonunkhira zimene Aswahili azitcha karafuu, ndipo minda imeneyi inafuna manja ambiri. Amalonda a ku India, ku Ulaya ndi ku America anafunanso minyanga ya njovu, ndipo minyanga inafuna mitu yoisenza. Taonani tsono, abale, muzu wa tsoka lonse: chuma chinafuna antchito osalipidwa, ndipo anthu anasanduka katundu.

2. Njira imene makolo athu anadzera

M'zaka zomwezo Mswahili wina, Salim bin Abdallah, anakhazikika ku Nkhotakota, natenga dzina la Jumbe, nakhoma zombo zoolotsa anthu ndi minyanga kumka ku tsidya la kum'mawa. Kum'mwera kwa nyanja kunali mafumu monga Makanjira ndi Mponda, ndi kum'mawa Mataka, amene anachita malonda omwewo; ndipo pambuyo pake Mlozi anamanga malinga ake pafupi ndi Karonga.

Munthu anagwa mu ukapolo m'njira zambiri. Ena anagwidwa pa nkhondo, mudzi wawo utatenthedwa mbandakucha. Ena anabedwa ku madzi kapena ku munda. Ena anaperekedwa ndi abale awo kulipira mlandu, kapena anagulitsidwa ndi chimanga m'chaka cha njala. Mtengo wake unali nsalu, mikanda, mfuti ndi wonga; ndipo mfutizo zinabala nkhondo zina, ndi nkhondozo zinabala akapolo ena. Amuna anawaika m'goli, ndiwo mtengo wa mphanda wotsekedwa ndi chitsulo pakhosi. Akazi ndi ana anawamanga ndi zingwe. Ataoloka nyanja anayenda pansi miyezi itatu kapena inayi kufikira ku dooko la Kilwa, ndipo wolefuka panjira anamsiya kapena kumupha. Ku Kilwa anawapanikiza m'zombo kumka ku Zanzibar, kumene mwini katundu analipira msonkho pa mutu uliwonse.

Kazembe wa Angelezi wa ku Zanzibar, dzina lake Rigby, anauza Dr. Livingstone kuti anthu 19,000 ochokera ku dziko la Nyasa lokha anali kupyola pa nyumba ya msonkho ya mzindawo chaka ndi chaka. Ndipo chiwerengero chimenechi chinali cha iwo okha amene anafika amoyo. Otsala m'tchire ndi omira m'nyanja sanalembedwe m'buku la munthu aliyense, koma Mulungu awadziwa maina awo. Ofikawo anawadzoza mafuta, nawaveka kansalu, nawandanditsa pa bwalo, ndipo ogula anawayang'ana mano ndi kuwathamangitsa, monga tichita pogula ng'ombe. Ena anatsala m'minda ya pachisumbupo ndi ya ku Pemba, ena anaoloka nawo kumka ku Arabia ndi maiko ena.

3. Kutsekedwa kwa msika

Dr. Livingstone anaona zoipa izi ndi maso ake m'chigwa cha Shire ndi m'mbali mwa nyanja, nazilembera anthu a kwawo kosaleka. Kumayambiriro kwa chaka cha 1873 boma la Angelezi linatuma Sir Bartle Frere kwa Sultani Barghash, mwana wa Seyyid Said, kukampempha kuti aletse malondawo. Sultani anakana, pakuti akuluakulu ake onse anadalira chuma chimenecho, ndiponso namondwe wa chaka cha 1872 anali atagwetsa minda yawo. Pamenepo Dr. John Kirk, kazembe wa Angelezi, anamchenjeza kuti zombo za nkhondo zidzatsekereza chisumbu chonse. Kirk ameneyu ndiye uja anafika pa nyanja yathu pamodzi ndi Livingstone m'chaka cha 1859, ndipo mapiri a Kirk Range atchedwa ndi dzina lake. Pa 5 June 1873 Sultani anasaina pangano loletsa kutumiza akapolo pa nyanja ndi lotseka misika yonse yogulitsirapo anthu, ndipo msika wa Zanzibar unatsekedwa pomwepo.

Livingstone sanamve mbiri imeneyi. Anamwalira pa 1 May chaka chomwecho m'mudzi wa Chitambo, m'dziko limene lero ndi Zambia, kutatsala masabata asanu okha. Kawirikawiri wobzala mtengo sakhala pa mthunzi wake.

Koma tisayese kuti ukapolo unatha tsiku limenelo. Pangano linaletsa malonda, koma amene anali kale m'manja mwa ambuye awo anakhalabe akapolo. M'chaka cha 1897 ndimo linatuluka lamulo lakuti kapolo akhoza kukapempha ufulu wake ku bwalo la milandu, ndipo ukapolo unathetsedwa kotheratu pa zisumbuzo m'chaka cha 1909. Kunonso kwathu maulendo a magoli anapitirira kufikira Mlozi atagonjetsedwa mu December 1895.

4. Nyumba ya Mulungu pa bwalo la msika

Malo a msika wotsiriza atchedwa Mkunazini, ndiko kunena pa mtengo wa masawu. Utatsekedwa msika, mbusa wina wa Mishoni ya U.M.C.A., dzina lake Arthur West, anagula mbali ina ya bwalolo ndi ndalama zake, ndipo Mmwenye wina wamalonda, Jairam Sewji, wa chipembedzo cha Chihindu, anapereka mbali ina kwaulere. Pa tsiku la Khirisimasi 1873 anaika mwala wa maziko a tchalitchi chotchedwa Christ Church. Pa Khirisimasi 1877 anapempheramo koyamba, denga lisanaikidwe, ndipo nyumbayo inatha kumangidwa m'chaka cha 1879.

Woyang'anira ntchito anali Edward Steere, amene anakhala Bishopu m'chaka cha 1874. Iyeyu anali munthu wodziwa malamulo, wosindikiza mabuku, ndi womasulira Mawu a Mulungu m'Chiswahili. Denga analiumba lokhota ngati uta, la simenti yosanganiza ndi miyala ya m'nyanja yosinja, ndipo ambiri anati lidzagwa pochotsa mitengo yochirikiza, koma lilipobe. Anthu a kumeneko asimbanso kuti tsiku lina Bishopu ali pa ulendo, amisiri anaimika nsanamira za mwala za pafupi ndi khomo chadodolido, mitu pansi, ndipo pobwera iye anazisiya momwemo. Sultani Barghash mwini anapereka koloko ya pa nsanja.

Wolowa m'nyumbamo aone zinthu zitatu. Choyamba ndi guwa la nsembe. Patsogolo pake, pansi, pali mwala woyera wozungulira, wozingidwa ndi mwala wofiira, ndipo amati pamenepo ndipo panali mtengo umene anali kumangirirapo akapolo powakwapula. Pomwe panagwera mwazi wa anthu ogulidwa, tsopano akumbukirapo mwazi wa Iye amene anatiwombola. Chachiwiri ndi manda a Bishopu Steere, kuseri kwa guwa. Anamwalira m'chaka cha 1882. Chachitatu ndi mtanda waung'ono wopangidwa ndi thabwa la mtengo uja wa kwa Chitambo, umene patsinde pake anakwirira mtima wa Livingstone.

Mtandawo utikumbutsanso anthu akuda amene anasenza mtembo wake miyezi isanu ndi inayi kufikira ku Bagamoyo, m'mbali mwa nyanja ya mchere, kumene anafika mu February 1874. Atsogoleri awo anali Susi ndi Chuma. Chuma anali Myao, amene ali mwana anamasulidwa m'manja mwa ogula anthu m'dziko lathu lino m'chaka cha 1861. Iye amene anayenera kufika ku gombe ngati katundu, anafikako ali mfulu ndi mtsogoleri wa ulendo.

5. Dzenje la anthu asanu

Kunja kwa tchalitchi, m'bwalo lomwelo, muli chikumbutso chimene alendo ambiri aimapo nthawi yaitali. Anachiumba mayi wina wa ku Sweden, dzina lake Clara Sörnäs, ndipo chinaikidwa m'chaka cha 1998. Ndi dzenje la ngodya zinayi, ndipo m'kati mwake muli zifaniziro zisanu za anthu, amuna ndi akazi, za msinkhu wonga wa munthu wamoyo, zomangidwa pamodzi ndi unyolo wachitsulo m'khosi. Sizikweza manja, sizifuula. Zingoima chete, nkhope zakugwa, monga anthu amene misozi inawathera panjira.

Mmisiriyo anachita mwanzeru posaziika pamwamba pa chulu monga achitira zifaniziro za mafumu. Wofuna kuziona ayenera kuima m'mphepete ndi kuyang'ana pansi. Ndipo poteropo azindikira kuti waima pamene anaima wogula. Funso limfikira lokha: kodi ine ndikadakhalapo tsiku lija, ndikadakhala yani? Womangidwa, wogulitsa, wogula, kapena wopita ndi njira osanena kanthu?

Pafupi pomwepo pali nyumba imene m'chaka cha 2016 anatsegulamo chionetsero cha zithunzi ndi malemba osimba mbiri yonse ya malondawo, kuyambira ku midzi ya kumtunda kufikira ku minda ya karafuu. Pansi pa nyumba ya St. Monica pali tizipinda tiwiri tamdima, tofupika denga, tokhala ndi timazenera tating'ono, ndipo operekeza alendo anena kuti m'menemo ndimo anali kusungira akapolo podikira msika. Koma akatswiri ena a mbiri yakale atsutsa, nati nyumbayo inamangidwa msika utatsekedwa kale, ndipo tizipindato tinali tosungiramo katundu. Tikuuzani ichi dala. Mkhristu asaope kufufuza, pakuti choonadi sichifuna bodza lochichirikiza. Ndipo zoipa zimene zidziwika bwino ndi zokwanira kutiliritsa popanda kuonjezapo.

6. Zina zimene mlendo aona pafupi

Wochoka ku Mkunazini kumka ku gombe ayenda pang'ono, nafika pa linga lakale limene Aswahili alitcha Ngome Kongwe. Aluya a ku Oman analimanga cha m'ma 1700, atapirikitsa Apwitikizi, ndipo analimanga pamalo pamene panali tchalitchi cha Apwitikiziwo. Lero m'kati mwake muli ogulitsa zosema ndi bwalo la masewero.

Pambali pake pali nyumba imene Sultani Barghash anamanga m'chaka cha 1883, yotchedwa Beit al-Ajaib, ndiko kunena Nyumba ya Zozizwitsa, pakuti ndiyo inayamba kukhala ndi magetsi pachisumbupo, ndi chikepe chokweza anthu ku zipinda za pamwamba. Patsogolo pake panachitika nkhondo imene itchuka kuti ndiyo yaifupi koposa zonse. Pa 27 August 1896 zombo za Angelezi zinaomba mizinga pa nyumba ya ufumu, chifukwa Khalid, mwana wa Barghash, analowa ufumu popanda chilolezo chawo. Ndipo ora limodzi lisanathe nkhondo inatha, anthu ngati 500 a mbali ya Khalid atafa kapena kulasidwa. Pa Khirisimasi 2020 mbali ina ya Nyumba ya Zozizwitsa inagwa pamene anali kuikonza. Ulemerero wa mafumu uli wotero.

Pakati pa nyumbazi ndi nyanja pali munda wa Forodhani, kumene anthu asonkhana madzulo kugula nsomba zootcha ndi madzi a nzimbe, ndi anyamata adumphira m'nyanja. Chakum'mwera, m'tinjira topapatiza, muli nyumba ya Tippu Tip, wamalonda wa minyanga ndi akapolo amene mphamvu yake inafika ku Congo. Anamwalira m'chaka cha 1905. Muli nyumba yakale ya kazembe wa Angelezi, m'mene mtembo wa Livingstone unagona podikira sitima ya ku London, ndiponso tchalitchi cha Akatolika cha St. Joseph, cha nsanja ziwiri, chomangidwa ndi amishoni a ku France m'zaka za m'ma 1890. Kumpoto kwa mzinda kuli nyumba imene Livingstone anakhalamo m'chaka cha 1866 pokonza ulendo wake wotsiriza.

Wokwera bwato afika pa kachisumbu ka Changuu. Pamenepo anamanga ndende m'chaka cha 1893, koma sanatsekeremo akaidi; anaisandutsa malo obindikiritsa odwala nthenda zopatsirana. Pali afulu aakulu ndithu, oti munthu mmodzi sangawanyamule, amene makolo awo anachokera ku zisumbu za Seychelles m'chaka cha 1919. Ndipo wopita kumpoto m'mbali mwa gombe afika ku Mangapwani, kumene kuli chipinda chokumbidwa m'thanthwe, m'mene amalonda anali kubisa anthu pangano la 1873 litaletsa kale malondawo. Lamulo litseka msika, koma silitseka umbombo wa mumtima.

Zanzibar inaphatikana ndi Tanganyika mu April 1964, ndipo dzina la Tanzania linabadwa chaka chomwecho. M'chaka cha 2000 bungwe la UNESCO linalemba Stone Town m'gulu la malo amene anthu a dziko lonse lapansi ayenera kuwasunga.

7. Madzi saiwala khwawa

Tsono imvani umo Mulungu anatembenuzira njira ija. Mishoni ya U.M.C.A. inayamba kuno kwathu, ku Magomero, m'chaka cha 1861, ndi Bishopu Mackenzie. Iye anamwalira ndi malungo mu January 1862, ndipo nkhondo ndi njala zinapasula ntchitoyo. Wolowa m'malo mwake, Bishopu Tozer, anasamutsira Mishoni ku Zanzibar m'chaka cha 1864, ndipo ambiri anayesa kuti dziko la Nyasa latayidwa.

Koma ku Zanzibar Mishoni inalandira ana olanditsidwa m'zombo za akapolo. Anyamata anaphunzira ku Kiungani, ndipo akulu anawamangira mudzi ku Mbweni. Mmodzi wa anyamata asanu oyamba, John Swedi, anadzozedwa udikoni m'chaka cha 1879. M'chaka cha 1876 Bishopu Steere ananyamuka ndi gulu la omasulidwa kulinga kwawo ku Nyasa. Iwo analema panjira, nakhazikika ku Masasi. Pambuyo pake William Percival Johnson anafika pa nyanja, ndipo m'chaka cha 1885 Mishoni inakhazikika pa Likoma. Pamodzi ndi Azunguwo panadza aphunzitsi akuda a ku Kiungani, monga Augustine Ambali, amene iye mwini analanditsidwa m'chombo cha akapolo, natumikira zaka zambiri ku Msumba. Ndipo ana a m'mbali mwa nyanja anayamba kupita ku Zanzibar ndi mabuku m'manja. Mmodzi wa iwo ndiye Leonard Kamungu, amene anadzozedwa unsembe m'chaka cha 1909, nagwira ntchito ku Nkhotakota komwe kuja, namwalira ku Msoro m'chaka cha 1913.

Ndipo pamene anayamba kumanga tchalitchi chachikulu cha St. Peter pa Likoma m'chaka cha 1903, anatsata chitsanzo cha ku Mkunazini, nasankha malo otchedwa Chipyela, pamene kale anali kutentherapo anthu onenedwa ufiti. Njira imene inatenga ana athu ndiyo inabwera ndi Uthenga. Ichi sichiyeretsa tchimo la ogulitsa, monganso kukwezedwa kwa Yosefe ku Ejipito sikunayeretse abale ake. Koma chitionetsa kuti dzanja la Mulungu ndi lalitali koposa dzanja la woipa.

8. Chimene tiphunzirapo

Choyamba, tikumbukire moona. Nkwapafupi kunena kuti Aluya ndiwo anachita zonsezi. Koma Mluya sakadadziwa njira ya ku chitsime cha mudzi wathu popanda womlozera. Yosefe anagulidwa ndi alendo, koma anagulitsidwa ndi abale ake. Ndipo a maiko otchedwa achikhristu sali osalakwa: Angelezi anachita malonda a anthu zaka zambiri asanawaletse m'chaka cha 1807, ndipo anthu 84 amene Livingstone ndi anzake anawamasula pa mudzi wa Mbame mu July 1861 anali pa ulendo wa ku Tete, kwa Apwitikizi. Pa mlandu uwu palibe mtundu umene ungaloze unzake chala uli wosamba m'manja.

Chachiwiri, tikumbukire popanda udani. M'mipingo yathu akhala pa mpando umodzi adzukulu a ogwidwa ndi adzukulu a ogwira, ndipo ambiri a ife tili ndi mwazi wa onse awiri. Anthu ochuluka a ku Zanzibar ndi Asilamu, ndipo nsanja ya mzikiti iima pafupi ndi nsanja ya tchalitchi. Malo anapereka Mhindu, koloko anapereka Msilamu. Munthu wotenga mbiri iyi kukanyoza nayo Myao kapena Msilamu wa m'mudzi mwake sanaimve konse. Ndiponso ngati alipo pakati pathu amene atonza banja lina kuti ndi ana a akapolo, kapena kukaniza ukwati ndi ufumu pa chifukwa chimenecho, aleke. Werengani kalata ya Paulo kwa Filemoni, muone umo anampempha kuti alandire Onesimo monga mbale.

Chachitatu, tikumbukire ndi maso otsegula, pakuti malonda a anthu sanafe, anangovula goli. Lero adza munthu wovala bwino, nalonjeza ntchito ya malipiro abwino ku mzinda kapena ku dziko lakutali, napatsa makolo kandalama. Mtsikana akafika amlanda chiphaso chake cha ulendo, namgwiritsa ntchito usana ndi usiku wosalipidwa, kapena kumgulitsa ku chiwerewere. Mnyamata amchotsa pa sukulu kukaweta ng'ombe kapena kukalima fodya kwa eni ake. Dziko la Malawi linaika lamulo loletsa zimenezi m'chaka cha 2015. Koma taona kale ku Mangapwani kuti lamulo palokha silikwanira. Mlonda woyamba ndiye kholo, ndi mfumu ya mudzi, ndi mkulu wa mpingo. Musapereke mwana kwa munthu amene simudziwa kwawo. Funsani kumene apita, ndi kwa yani, ndi umo mudzamvera za iye. Ndipo mukakayika, kauzeni amfumu ndi apolisi msanga. Akulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Tisakhale ife opita ndi njira osanena kanthu.

Chotsiriza, tiimike miyala yathu. Si tonse tidzafika ku Zanzibar, koma ku Nkhotakota ulipo mkuyu umene anthu aukumbukira kuti Livingstone anakomanapo ndi Jumbe, ndipo m'midzi yambiri alipo okalamba amene anamva kwa agogo awo dzina la mbale amene anatengedwa. Pitani kwa iwo asanatisiye. Lembani mainawo pa tsamba loyamba la Buku Lopatulika la m'nyumba mwanu, kuti amene analibe manda akhale nalo dzina pakati pa abale awo.

Mafunso a pa msonkhano wa pakati pa sabata

1. Yoswa anaimikiranji miyala ku Giligala, ndipo udindo wa atate unali wotani?
2. Tchulani njira zinayi zimene munthu anagwera nazo mu ukapolo m'dziko lathu.
3. Msika wa Zanzibar unatsekedwa chaka chiti, ndipo n'chifukwa ninji ukapolo sunathe pomwepo?
4. Mmisiri anaikiranji zifaniziro zisanu zija m'dzenje?
5. Kodi m'mudzi mwanu muli mwana amene anatengedwa kukagwira ntchito kutali, ndipo za iye sizimveka? Mpingo uchitepo chiyani sabata lino?

Ambuye amene anatiwombola, osati ndi nsalu kapena mikanda koma ndi moyo wake, atipatse mtima wokumbukira ndi maso openya. Tsalani ndi mtendere kufikira mwezi wamawa.